Mamita 18 oyamba: zimene mpikisano wa drag racing ungatiphunzitse pa kanyamukidwe ka galimoto

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata ophunzira umakaniko ndi madalaivala m'boma la Chiradzulu

 

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene anapeka mwambiwu sanaonepo galimoto, koma anadziwa chinthu chimene anzathu a ku America anachitulukira atathyola zitsulo zambirimbiri: pamalo pamene phazi likuvuta kugwira, mpikisano umathera poyambira pomwepo. Wochedwa kudzuka sampezanso mnzake. Lero tikamba za poyambira pamenepo, ndipo ndiyamba ndi manyazi anga omwe.

Ndili mnyamata, laisensi isanathe ndi chaka chomwe, ndinatumidwa ndi pikapu kukatenga madengu a matimati kudimba lina chakuseri kwa Mbulumbuzi. Unali mwezi wa Januwale, mvula itagwa usiku wonse. Nditafika pakachitunda kena ka dothi lofiira, galimoto inaima. Ndinaika giya yoyamba, n'kuponda moto mpaka pansi. Injini inalira, matope anauluka mpaka kudenga, koma galimoto osasuntha. Matayala ankangopalasa, kudzikumbira okha dzenje. Anyamata asanu amene anabwera kudzakankha anangosanduka zoumba. Kenaka anatulukira anganga ena, khasu lili paphewa. Anayang'ana kanthawi, n'kunena kuti: "Achimwene, galimotoyi mphamvu ili nazo. Chimene ikusowa ndi katundu. Anyamatawa asakankhe, akwere kumbuyo." Anandiuza kuti ndiphwetse pang'ono matayala a kumbuyo, ndiike giya yachiwiri, ndisiye klatchi ngati munthu woyala khanda logona pamphasa. Galimoto inakwera chitunda chija mwakachetechete, ngati palibe chimene chinachitika.

Patapita zaka, ndikugwira ntchito m'galaja ina ku Joni, anzanga ananditengera ku Tarlton, bwalo la mpikisano wa magalimoto lomwe lili kufupi ndi Krugersdorp ndipo linatsegulidwa mu 1978. Kumeneko ndinaona anthu okhala ndi magalimoto a ndalama zoopsa akuvutika ndi zinthu zitatu zija zimene anandiphunzitsa anganga a khasu: katundu akhale pati, tayala likhale lotani, mphamvu ilowe bwanji.

Mpikisano wake

Drag racing ndi mpikisano wosavuta kuumvetsa. Magalimoto awiri amaima moyandikana pamzere, onse ataimiratu. Kutsogolo kwawo kuli msewu wowongoka, wotalika mamita 402, womwe ndi kota ya mailosi. Tingoti mabwalo a mpira anayi olumikizana. Palibe kona, palibe kupitana mokhotakhota. Pakati pawo pali mlongoti wa magetsi womwe amautcha Christmas tree. Magetsi achikasu amayaka, kenaka obiriwira. Ukanyamuka obiriwira asanayake, pamayaka ofiira ndipo waluza usanayende n'komwe.

Masewerawa anakulira ku California nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Achinyamata ankapikisana m'misewu ya m'tauni usiku, ndipo ankaphana komanso kupha anthu osalakwa. Mu 1950 anayamba kupikisanira pabwalo la ndege ku Santa Ana, ndipo mu 1951 bambo wina dzina lake Wally Parks anayambitsa bungwe la National Hot Rod Association, lomwe limadziwika kuti NHRA, n'cholinga chochotsa mipikisanoyi pamsewu wa anthu onse. Ku England bwalo la Santa Pod linatsegulidwa mu 1966, nalonso pamalo amene kale panali bwalo la ndege zankhondo. Kuno kwathu kummwera kwa Africa, kupatula Tarlton, anthu amapikisana ku Killarney mumzinda wa Cape Town komanso ku Donnybrook mumzinda wa Harare.

Galimoto wamba ngati zimene timayendera kuno imatha mtunda umenewu m'masekondi apakati pa 16 ndi 19. Magalimoto oopsa kwambiri, otchedwa Top Fuel, ali ndi mahosipawa pafupifupi 11,000, amafika liwiro la makilomita 160 pa ola sekondi imodzi isanathe, ndipo pomaliza amakhala akupitirira makilomita 530 pa ola. Koma munthu akatsika m'galimoto n'kulandira kapepala ka nthawi yake, diso lake silithamangira pa liwiro. Limayamba lagwera pa nambala ya mapazi 60 oyamba, omwe ndi mamita 18. Mtunda wake ndi wongopitirira pang'ono kuchoka pagolo kufika pamzere wa bokosi lalikulu. Anthu a masewerawa amadziwa kuti kanthawi kalikonse kamene wataya pa mamita 18 amenewa kamakhala katakula pafupifupi kawiri pofika kumapeto.

Mphamvu ndi zimene nthaka ingalandire

Tambasulani dzanja lanu. Malo amene tayala la galimoto yaing'ono limakhudza pansi ndi aakulu ngati chikhatho chimenecho. Mphamvu zonse za injini, kaya ndi za mahosipawa 70 kaya 700, ziyenera kudutsa pazikhatho ziwiri ngati zimenezi, kapena zinayi ngati galimoto ikukoka ndi matayala onse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Toki mukuidziwa, ndi mphamvu yopotokola. Natiyo ikakana kumasuka, mumalowetsa chipaipi kusipanala kuti dzanja litalike. Mphamvu za mkono wanu sizinasinthe, koma toki yakula. Magiya ndi chipaipi cha injini. Tinene kuti injini ikutulutsa toki ya 200 Nm. Giya yoyamba ikuichulukitsa ka 3.5, difu ikuichulukitsanso kanayi. Pamatayala pafika 2,800 Nm. Ngati kuchoka pakati pa tayala kufika pansi pali masentimita 30, ndiye kuti matayalawo akukankha msewu ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 950.

Tsopano funso: kodi msewu ulandira zonsezo? Tayala wamba paphula louma limagwira ndi mphamvu ya pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a kulemera kumene kwalitsamira. Galimoto yathu ikulemera makilogalamu 1,200, ndipo 600 ali pamatayala okoka. Ndiye kuti msewu ungalandire 480 okha. Injini ikupereka 950, nthaka ikulandira 480. Zotsalazo zimasanduka utsi, phokoso ndi ndalama za matayala. Phula likanyowa, nambala ija imatsika kwambiri. Pa dothi lofiira la kuno litamwa madzi, imatsikiratu. Ndi chifukwa chake ine tsiku lija ndinkangokumba dzenje.

Pali chinanso. Tayala limagwira kwambiri pamene likutsetsereka pang'ono chabe, mwina gawo limodzi mwa magawo 10 a kuzungulira kwake. Likadutsa pamenepo n'kuyamba kupalasa, kugwira kwake kumachepa. Mukakankha thumba la chimanga pasimenti mwaona kuti kuliyambitsa n'kovuta, koma likayamba kutsetsereka limapepuka. Tayala lopalasa lili ngati thumba limene layamba kale kutsetsereka. Woponda moto kwambiri amanyamuka mochedwa kuposa woponda mwanzeru.

Katundu amasamuka

Minibasi ikanyamuka mwaukali pa Njuli, okwera onse amagwera chagada. Galimoto nayonso imachita chimodzimodzi: mphuno imadzuka, kumbuyo kumakhala pansi. Kulemera kumasamukira kumatayala a kumbuyo. Kuchuluka kwake kumadalira zinthu zinayi: kulemera kwa galimoto, ukali wa kanyamukidwe, kutalika kwa pamene pali chimake cha kulemerako kuchoka pansi, ndi mtunda wa pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Pa galimoto yathu ya makilogalamu 1,200 ija, ngati chimake cha kulemera chili theka la mita kuchoka pansi ndipo matayala atalikirana mamita awiri ndi theka, kunyamuka mwamphamvu ndithu kumasamutsa makilogalamu pafupifupi 120. Ndi matumba awiri a chimanga ndi kachigoba pamwamba, onyamulidwa kutsogolo n'kuikidwa kumbuyo m'kuphethira kwa diso.

Kwa galimoto yokoka ndi matayala a kumbuyo, imeneyi ndi mphatso. Ikanyamuka mwamphamvu, matayala okoka amapanikizika, n'kugwira kwambiri. N'chifukwa chake magalimoto ambiri a mpikisanowu amakoka kumbuyo. Amasamutsira batire kubuti. Amaika mashoko a kutsogolo osavuta kutambasuka koma ochedwa kubwerera, kuti mphuno idzuke msanga n'kukhalitsa m'mwamba. Koma zikanyanya, matayala a kutsogolo amachoka pansi ndipo chiwongolero chimangokhala chokongoletsa. Pamenepo amamangirira timiyendo ta timatayala kumbuyo, totchedwa wheelie bar, toletsa galimoto kuimirira.

Kwa galimoto yokoka ndi matayala a kutsogolo, monga Vitz, Passo, Sienta ndi Probox zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu, kusamuka komweku ndi chitayiko. Katundu amathawa pamatayala okoka nthawi imene akufunika kwambiri. Opikisana ndi magalimoto otere amalimbitsa masipuling'i a kumbuyo kuti galimoto isakhale pansi, n'kuchotsa chilichonse cholemera kumbuyoko. Tsono taganizani za Sienta imene yanyamula anthu opitirira muyeso, matumba a nandolo kubuti, ikufuna kunyamuka pachitunda chonyowa cha ku Namitambo. Katundu ali kumbuyo, chitunda chikukankhira kulemera kumbuyo, kanyamukidwe nakonso kumbuyo. Matayala okoka angotsala pang'ono kulendewera. Dalaivala wochenjera amatsitsa anthu a kumbuyo, kapena amatembenuza galimoto n'kukwera chitundacho chafutambuyo, kuti kulemera kutsamire matayala okoka.

Tayala

Tayala la mpikisano limatchedwa slick. Lilibe mizere, ndi losalala, lalikulu m'mbali, la labala yofewa ngati chingamu. Makoma ake ndi opyapyala mwadala. Galimoto ikamanyamuka, khomalo limachita makwinya ngati nsalu yofinyidwa, limayamba lalandira nkhonya ya injini kenaka n'kuipereka kunthaka mofatsa. Ife timapopa mpweya wa 30 kapena 32. Matayala a Top Fuel amapopedwa wosafika 10, kuti chikhatho chija chitambasuke. Liwiro likakwera, tayalalo limafufuma n'kutalika, n'kukhala ngati galimoto yasintha giya yokha.

Asanafike pamzere, dalaivala amadutsa pamadzi pang'ono, n'kupalasitsa matayala mpaka utsi koboo. Imeneyi ndi burnout. Oonerera amaiyesa matama, koma ndi ntchito: kutenthetsa labala kuti ifewe, kuchotsa timiyala, ndi kupaka labala yatsopano pamene anyamukire. Eni bwalo nawonso amapopera mankhwala omata pamsewu. Tsiku lija ku Tarlton anatilola kuponda poyambira mpikisano utatha. Nsapato yanga inamatirira, ndipo ponyamula phazi inalira ngati ndikumatula sikochi. Ndinamvetsa kuti zimene galimoto zija zimachita sizingatheke pamsewu wa fumbi ndi mchenga ngati wathu.

Ana anga, pano mumve bwino. Tayala lakutha, lija lachita dazi mpaka mawaya kuonekera, si slick. Labala yake ndi youma, yokalamba, ndipo yatsala pang'ono kuphulika. Ngakhale slick yeniyeniyo, pamsewu wonyowa ndi bokosi la maliro, chifukwa mizere ya tayala ntchito yake ndi kutulutsa madzi. Mvula ikangodontha, mpikisano wa drag racing umaima. Kuphwetsa matayala kumathandiza m'matope ndi mumchenga pa liwiro la kuyenda kwa munthu, koma mukangofika paphula popani. Tayala lophwa limatentha, makoma ake amatopa, ndipo limaphulika muli pa liwiro.

Difu ndi masipuling'i

Difu wamba ili ndi khalidwe limodzi loipa. Imagawa toki mofanana kumatayala awiri, choncho tayala limene lili poterera ndi limene limalamula. Lina likangopalasa, linzake lomwe lili pouma limangolandira kochepa komweko. Opikisana amaika difu yoletsa tayala limodzi kupalasa lokha, yotchedwa limited slip, kapena chitsulo chomanga matayala onse awiri pamodzi chotchedwa spool. Ndamva kuti ena amawotcherera magiya a m'kati mwa difu kuti zifanane ndi zimenezi. Pamsewu wowongoka wa mamita 402 zimagwira. Koma pokhota, tayala lakunja liyenera kuyenda mtunda wautali kuposa lam'kati. Mukawamanga pamodzi, galimoto imakana kukhota, imadya matayala, imathyola mashafuti, ndipo pamvula imakutayani kunja kwa msewu. Kasitomala akakupemphani zimenezi pa galimoto yonyamula anthu, kanani. Njira ya anganga ndi yotchipa: pa pikapu yokoka kumbuyo, kukoka handibuleki pang'ono kumagwira tayala lopalasalo, ndipo linzake limapeza mphamvu.

Mwaonanso pikapu yopanda katundu ikunyamuka modumphadumpha, kumbuyo kukugunda gu gu gu. Chimachitika n'chakuti toki imapotokola ekiselo, masipuling'i amapindika, tayala limataya nthaka, masipuling'i amabwerera mwamphamvu, kenaka zonse zimayambiranso. Kudumpha kumeneku n'kumene kumathyola makolosi a pulopushafuti ndi mano a difu. Opikisana amamangira zitsulo zoletsa ekiselo kupotoka. Ife tingoyamba ndi kuona mashoko, mabushi ndi mabawuti ogwira masipuling'i. Ndipo ikayamba kudumpha, chotsani phazi pamoto.

Phazi la kumanzere

Kunyamuka ndi klatchi kuli ndi maenje awiri. Mukaisiya injini ili pansi, galimoto imatsamwa, mwina kuzima kumene. Mukaisiya mwadzidzidzi injini ikukuwa, matayala amapalasa kapena chitsulo china chimathyoka. Njira ili pakati, ndipo ndi yopapatiza. Opikisana amagwira injini pa mlingo umodzi, amasiya klatchi mofulumira koma mosalala, n'kumawonjezera moto pamene matayala akugwira. Ena amaika kachipangizo kotchedwa two-step, kogwira injini pa mlingo umene asankha mpaka atasiya klatchi, kuti kanyamukidwe ka lero kafanane ndi ka mawa.

Chodabwitsa n'chakuti galimoto ya Top Fuel ilibe magiya osintha. Injini imalumikizana ndi difu kudzera mu klatchi ya mbale zingapo, yomwe imatsetsereka mwadala poyamba n'kumagwira pang'onopang'ono galimoto ikuthamanga. Akanati mahosipawa 11,000 alowe nthawi imodzi, matayala akanangosanduka utsi. Makaniko wamkulu wa timu amathera nthawi yake pa funso limodzi: msewu wa lero, ndi kutentha kwa lero, ungalandire zingati? Amawerengeranso mpweya. Injini yopanda tebo imataya pafupifupi magawo atatu mwa 100 a mphamvu zake pa mamita 300 alionse okwera kuchoka pa nyanja yamchere. Kuno ku Chiradzulu tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, choncho galimoto imene inayesedwa kudoko ku Japan ikafika kuno imakhala itasiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 m'njira. Musamainamizire kuti yatopa.

Kusankha giyabokosi

Achinyamata ambiri amakhulupirira kuti dalaivala weniweni ndi wa manual, otomatiki ndi ya aulesi. Mukapita kumpikisanowu mudzadabwa, chifukwa magalimoto ochuluka opambana ndi a otomatiki.

Manual ili ndi ubwino wake. Ndi yopepuka, sitaya mphamvu zambiri m'njira, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo wa mango akhoza kuiphwasula n'kuibwezera. Koma posintha giya iliyonse mphamvu imaduka, ndipo pa mpikisano wa masekondi khumi kaduka kalikonse kamaoneka. Nkhonya ya klatchi imazunza mashafuti. Komanso phazi la munthu silibwereza chinthu mofanana kawiri.

Otomatiki m'malo mwa klatchi ili ndi torque converter. Ikani mafani awiri moyang'anizana, muyatse imodzi: mphepo yake izunguza inzakeyo. Mu converter muli zofanana ndi zimenezi, koma m'malo mwa mphepo muli oyilo. Galimoto ikaima injini ikukoka, converter imachulukitsa toki pafupifupi kawiri, ndipo imaipereka mofewa, popanda nkhonya. Opikisana amasankha converter yolola injini kukwera kufika pamene ili ndi mphamvu zambiri galimoto isanasunthe. Amaikanso transbrake, yomwe imalowetsa giya yoyamba ndi livesi nthawi imodzi kuti galimoto imangike. Dalaivala amaponda moto mpaka pansi chala chili pabatani, ndipo akachotsa chalacho livesi imamasuka, galimoto n'kufwamphuka ngati mwala wa legeni. Mdani wa zonsezi ndi kutentha. Masekondi ochepa omangika chonchi amatenthetsa oyilo koopsa. Chimodzimodzi inu mukaimika otomatiki pachitunda ndi moto m'malo mwa buleki, mukuphika giyabokosi.

Magiya angati? Giyabokosi yotchuka kwambiri pampikisanowu ndi Powerglide, imene kampani ya General Motors inkapanga kuyambira 1950 mpaka 1973. Ili ndi magiya awiri okha, ndipo yoyambayo imachulukitsa toki ka 1.76 kapena 1.82 basi. Galimoto yopepuka ya injini yamphamvu sifuna chipaipi chachitali. Giya yoyamba yofatsa imateteza matayala kuti asapalase, ndipo kusintha kamodzi kokha kumachepetsa zolakwika. Imeneyi ndi nzeru ya giya yachiwiri imene anganga anandiuza m'matope muja. Koma galimoto yolemera, ya injini yocheperako, imafuna magiya atatu ngati a giyabokosi ya Turbo 400, yomwe giya yake yoyamba ndi 2.48. Lole yodzaza miyala ya kwale pa Njuli singanyamuke ndi giya ya pikapu yopanda kanthu. A kabaza a njinga zamoto mukudziwa kale zimenezi: sipuloketi yaikulu kumbuyo imakwera phiri ndi katundu koma imalira msanga paphula, yaing'ono imathamanga koma imagonja pachitunda. Difu amaisankha motero, kuti injini ifike pafupi ndi mapeto a kuzungulira kwake galimoto ikudutsa mzere womaliza. Ndipo kumbukirani kuti kuika matayala aatali kuposa oyenera n'chimodzimodzi kusintha difu: galimoto imaoneka yokongola koma imafooka ponyamuka.

Palinso CVT, imene yabwera ndi magalimoto ambiri ang'onoang'ono ochokera ku Japan monga Honda Fit ndi Nissan Note. Ilibe magiya a mano osinthana, ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri osintha kukula. Imasunga mafuta bwino, koma sifuna nkhonya. Matayala akapalasa m'matope kenaka n'kugwira mwadzidzidzi pamwala, lambayo amatsetsereka n'kukanda mapule, ndipo chilondacho sichipola. Imafunanso oyilo wakewake. Munthu akabwera kudzakufunsani galimoto yoti agule, musayambe ndi mtundu wa penti. Mufunseni kuti anyamula chiyani, ndipo ayenda msewu uti, wa phula wa ku Limbe kapena wa kumunda.

Pali mtundu wina wa mpikisanowu umene ndimaukonda, wotchedwa bracket racing. Aliyense amalemba pagalasi nthawi imene akuti galimoto yake itha mtundawo. Yochedwa imayamba kunyamuka, yothamanga imadikira kusiyana kwa nthawi ziwirizo. Ukathamanga kuposa nthawi imene unalemba, waluza. Amapambana ndi amene amaidziwa galimoto yake ndipo amabwereza chinthu chomwecho nthawi zonse. Anthu amenewa amayenda ndi kope. Amalemba mpweya wa matayala, kutentha kwa tsikulo, mlingo wa injini ponyamuka, nthawi ya mamita 18. Amasintha chinthu chimodzi, n'kuyesa, n'kulemba. Ife m'magalaja mwathu timasintha mapulagi, fyuluta ndi pampu tsiku limodzi, galimoto ikachira osadziwa kuti mankhwala anali ati. Gulani kope, ana anga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mtengo umene ena analipira

Pa 8 Malichi 1970, pabwalo la Lions ku California, katswiri Don Garlits ankanyamuka pamzere pamene giyabokosi yake inaphulika. Masiku amenewo dalaivala ankakhala kumbuyo kwa injini, miyendo itakhwapatira zitsulo zozungulira. Galimoto inaduka pakati, ndipo iye anataya gawo la phazi lake lamanja. Ali m'chipatala anayamba kulingalira za galimoto ya injini kumbuyo kwa dalaivala. Mu 1971 anapambana nayo, ndipo m'zaka zochepa onse anamutsanzira. Mu Juni 2008, dalaivala wina, Scott Kalitta, anamwalira ku Englishtown, m'dera la New Jersey, galimoto yake itaphulika pa liwiro n'kulephera kuima. Kuchokera chaka chimenecho NHRA inafupikitsa mtunda wa magalimoto oopsa ngati a Top Fuel aja kufika mapazi 1,000, omwe ndi mamita 305, kuti malo oimira atalike. Galimoto iliyonse yofika makilomita 240 pa ola imalamulidwa kukhala ndi parachuti. Pabwalo pamakhala makoma, ozimitsa moto, ambulansi, ndi msewu wautali wopanda kanthu kutsogolo kwa mzere womaliza.

Tsono yerekezani ndi msewu wa Limbe kupita ku Zomba. Pa Mbulumbuzi tsiku la msika pali amayi a madengu pamutu, ana a sukulu, mbuzi, njinga zonyamula makala. Pa Namadzi chimodzimodzi, pa msewu wa Midima popatukira ku Nguludi chimodzimodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Madalaivala awiri olimbirana pasenjala mmodzi pa siteji akuchita mpikisano wopanda khoma, wopanda ambulansi, ndipo oluza ndi anthu amene sanalembetse nawo. Zimene Wally Parks ankathawa mu 1951 ndi zimenezi. Amene magazi ake akuwira ndi liwiro adziwe kuti malo ake ndi bwalo lotsekedwa, chipewa kumutu, chilolezo m'manja. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, koma dalaivala amasungira anthu 15 nthawi imodzi.

Mvula ikubwerayi, wina wa inu adzaima pachitunda cha dothi lofiira, matayala akupalasa, okwera akung'ung'udza, phazi likuyabwa kuti liponde moto. Muzimitse kaye mtima. Tsikani, muone tayala limene likukoka, muone kumene kuli katundu, mugwire tayalalo ndi dzanja, kenaka musankhe giya. Mukatuluka m'matopemo, mukalembe m'kope zimene munachita, kuti mphunzitsi wa mawa asadzakhale dzenje lomwelo.

Ndaona ena mwakhala mukulemba, ena mukugwedeza mutu mokana pa nkhani ya otomatiki ija. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Pikapu ili panjapo ndaiimika pa jeke, difu yake ndi yotsegula. Tiyeni tiyambe ndi mafunso, kenaka tituluke tikazunguze tayala limodzi ndi dzanja, muone nokha kumene linzake lilowere.